Mphuno ya a Zuze

Ana anga, za ubwana wanga musandifunse, mulibe chomwe mungatolepo. Ndinakulira ku Phalombe, ndinalemba Folomu 4, ndinakhoza mwa apo ndi apo, basi. Chimene ndikufuna mudziwe ndi nkhani ya dzenje, chifukwa dzenjelo ndi limene linakudyetsani, ndiponso ndi limene landikhazika pakhonde pano ku Chilomoni msinkhu wopumira ntchito usanakwane, ndikutsokomola mpaka agalu a aneba kuuwa. Mayi anu akudziwako theka. Theka linalo akalimva mukadzawawerengera.

1996

Ndinalowa ntchito pa fakitale ina yopanga penti ndi vanishi, kumunsi kwa Ndirande. Dzina lake sindilemba, mumalidziwa. Ndinapita nditavala tayi ya achimwene, ndikuganiza kuti munthu wa satifiketi amupatsa tebulo. Anandipatsa ovololo yong'ambika m'khwapa ndi kundilozera kumpanda wakumbuyo. Kumeneko kunali sepaleta, ife tinkangoti dzenje. Linali la simenti, la zipinda zitatu, ndipo madzi onse otsukira matanki ndi migolo ankathera m'menemo, osakanikirana ndi mafuta komanso thinazi, mankhwala aja osungunulira penti. Mafuta ndi thinazi zinkayandama pamwamba, madzi ankadutsa kunsi kwa khoma n'kupita kungalande. Ntchito yathu inali kutunga zoyandamazo ndi chitini chomangirira kumtengo n'kuthira m'migolo. Dzenje linali lapululu, lopanda chivundikiro. Mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo unkaona mpweya ukuvina pamwamba pake, maso ankalira okha, ndipo pofika madzulo unkayenda ngati walawa kachasu.

Pa dzenjepo ndinapezapo a Zuze, bambo wa ku Nsanje, wamfupi, wondiposa zaka khumi ndi zingapo, kolona ili m'thumba la ovololo nthawi zonse. Anandiyang'ana tayi ija, anaseka mpaka kugwira mpanda, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakhala a Folomu Folo mpaka imvi. Anandiphunzitsa kuima kumene mphepo ikuchokera, kutunga mosavundula, ndi kusasuta fodya ngakhale patali. Tsiku lachitatu ndinasanza. Anandipatsa paketi yawo ya mkaka, ati mkaka umatsuka chifuwa, n'chifukwa chake kampani imagawa kwa anthu a ku dzenje okha. Tonse tinkakhulupirira zimenezo. Ine ndinamwa mkakawo zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo chifuwa chake ndi ichi mukuchimvachi.

Mtima wanga mumaudziwa. Mwezi woyamba womwe ndinatsala pang'ono kumenya dalaivala wa thanki amene anakhuthula zotsalira zake m'dzenje osatiuza. A Zuze ndi amene anandigwira lamba kumbuyo. Anandiuza kuti mkwiyo wanga uli ngati thinazi, suchedwa kuyaka, ndipo umapsereza amene wayandikira osati amene wayatsa. Ndinawayankha kuti ulaliki akasiye kutchalitchi.

2002

Kuseri kwa mpanda wathu kunali amayi ogulitsa mandasi, chimanga chootcha ndi mbatata kwa anthu a m'mafakitale. Iwowa ndi amene anatipezera zivundikiro, osati chifundo cha mabwana. Anadandaula za mutu ndi chizungulire mpaka akuluakulu oona zachilengedwe anabwera, anaima pa dzenje mphindi zochepa atatseka mphuno ndi mipango, n'kusiya kalata. Patapita miyezi kunabwera injiniya wa ku Joni. Anavundikira dzenje lonse ndi zitsulo zokhala ndi mphira m'mbali, anaika paipi ndi fani yokoka mpweya wa m'katimo, ndipo mpweyawo unkadutsa m'migolo iwiri ya makala usanatulukire pa paipi yaitali pamwamba pa denga. Si makala ophikira awa, ndi timibulu tating'ono toitanitsa kunja. Injiniya uja anatifotokozera kuti makalawo amamwa nthunzi ya thinazi, koma amakhuta. Akakhuta, nthunzi imangodutsa ngati mulibe kanthu, ndipo ndi maso sungadziwe. Anatisiyira mita, kabokosi kokhala ndi kapaipi, koyezera mpweya wotuluka pamwamba paja. Muvi ukafika pofiira, sinthani makala.

Poti ndinkatha kuwerenga Chingerezi cha m'kabuku ka mita, anandipanga kapitawo, kudumpha a Zuze. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Iwo anangoti sukulu ndi sukulu, koma ndizikumbukira amene anandipatsa mkaka nditasanza. Zaka zimenezo zinali zabwino. Lolemba lililonse ndinkakwera makwerero ndi mita, n'kulemba m'buku. Makala tinkasintha kawiri kapena katatu pa chaka. Amayi a kumpanda anasiya kutitukwana, ena anayamba kutiwonjezera mandasi.

2011

Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa, anthu n'kumagona pa mizere, mita inafa. Pa nthawiyo bwana wathu anali munthu amene tinkamutcha a Mawa, chifukwa chilichonse ukapempha, kaya magolovesi, kaya mphira yatsopano ya zivundikiro, yankho linali lomwelo. A Mawa anati mita yatumizidwa ku Joni kukakonzedwa. Mpaka lero ili ku Joni. Nditafunsa kuti makala tizidziwa bwanji kuti akhuta, anatiitana tonse a ku dzenje n'kunena kuti makolo athu analibe mita koma ankadziwa mowa wosasa. Munthu akwere, anunkhize pa paipi, anene ngati pali fungo. Ndipo atafunsa kuti akwere ndani, tonse tinatembenukira kwa a Zuze.

Apa mumvetse bwino, chifukwa cholakwa chonse chagona apa, ndipo ine ndinali m'gulu lovomereza. Kwathu chinthu chofuna kulawa kapena kuzindikira timapatsa wamkulu, amene wachiona nthawi yaitali. A Zuze anali atakhala pa dzenje kuposa wina aliyense. Ankatha kukuuza kuti lero atsuka thanki ya vanishi pongoyang'ana mtundu wa madzi. Ndani akanadziwa fungo la thinazi kuposa iwo? Palibe mmodzi yemwe, ngakhale ine wa Folomu 4, amene anaganiza kuti mphuno imene yapuma thinazi zaka zonsezo ndiyo yoyamba kufa.

Anawapatsa jasi ya buluu, paketi yachiwiri ya mkaka, ndi kuwachotsa pa ntchito yotunga, imene inali itayamba kuwalemera chifukwa cha befu. Lolemba lililonse m'mawa ankakwera pang'onopang'ono, kolona ikulendewera, n'kuika nkhope pa kamwa ya paipi. Akatsika ankati palibe fungo. Ine ndinkalemba kuti palibe fungo, n'kusaina. Mufunsa kuti nanga ife pansi sitinkamva? Ovololo zathu, manja athu, ngakhale buledi wa m'thumba, zonse zinkanunkha thinazi tsiku lonse. Pansi sukanasiyanitsa. Makala amene kale tinkasintha katatu pa chaka anatha zaka zitatu osakhudzidwa, a Mawa n'kumatiyamikira pa msonkhano kuti dipatimenti yathu ndi yosamala zinthu.

Amayi a kumpanda anayambiranso kudandaula. Mmodzi, mayi wa mwana kumsana, anandiimitsa pageti n'kunena kuti mphepo ikatsika kuchokera padenga pathu mwana wake amasanza. Ndinamukalipira pamaso pa anzake. Ndinamuuza kuti ife tili ndi buku losainidwa, ndipo akayambe wakonza ngalande ya kwawo asanabwere kudzanamizira fakitale. Anandiyang'ana, anakonza nsalu ya mwana, napita. Nkhope ya mayi ameneyo ndimaionabe.

2014

Mu Ogasiti mwana wamkazi wa a Zuze anakwatiwa kutchalitchi chawo ku Ndirande, ndipo ine ndi mayi anu anatikhazika kutsogolo ngati abale. Ife si a mpingo umenewo, lubani sindinamuzolowere. Bambo mfumu atadutsa ndi chofukizira, utsi unandilowa pakhosi, ndinatsokomola mpaka mayi anu kunditsina. Pa madyerero mayi Tereza, akazi a a Zuze, anabwera kudzandiseka. Anati ine ndiye ndili ndi mwayi, amuna awo lubani anasiya kumumva kalekale. Anati nyemba zimapserera iwo atakhala pambali pa mbaula, ndipo tsiku lina anadya usipa woola onse m'nyumba atauthawa. Ananena moseka, anthu a patebulo anaseka. Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Anawerenga pa zala, nati mwina zaka zisanu, mwina kuposa. Mpunga ndinausiya m'mbale.

Lolemba ndinalawirira. Ndinatenga nsanza ziwiri, ina ndinanyika m'madzi, ina mu thinazi, ndinaziika m'zitini ziwiri. A Zuze atafika ndinawaitanira kuseri kwa migolo, ndinawauza atsinzine, n'kuwapatsa chitini cha thinazi kuti anunkhize. Anakoka mpweya kawiri, nati amenewa ndi madzi. Atatsegula maso anaona nkhope yanga, anayang'ana m'chitini, kenako anakhala pansi pa njerwa.

"Munadziwa liti?" ndinawafunsa.

"Kuti yafa? Ndisanavale jasiyi."

"Ndiye zaka zitatu mumakwera kukatani kumwambaku, madala? Kukaona phiri?"

"Ndimakwera kukapemphera kuti pakhale palibe fungo," anatero. Sanaseke.

Ndinatukwana mawu amene sindingalembe muno. Iwo anadikira ndimalize, ngati mmene ankachitira nthawi zonse. Kenako anandiuza kuti tsiku limene tonse tinawatembenukira anafuna kukana, koma anaona jasi, anaganiza za chitini chotungira chimene sankathanso kuchinyamula osapumira kawiri. Akanati mphuno yafa, a Mawa akanawatumiza kwa dokotala, ndipo dokotala akanamva chifuwa.

"Zanditsalira zaka ziwiri, a Folomu Folo. Ziwiri zokha ndipume ngati munthu, ndi ulemu wanga. Musanditchule. Chitani china chilichonse, koma musanditchule."

Ndinawalonjeza. Izi muzidziwe, ndinawagwira dzanja ndi kulonjeza. Nzeru yanga inali yoti ndikwere ndekha, ndikanene kuti fungo ndalimva ine, dzina lawo lisamveke. Ndinakwera. Sindinafike n'komwe pa kamwa ya paipi. Mpweya unandimenya kumaso, makwerero anayamba kuzungulira, ndinakumbatira chitsulo mpaka maso atayera. Kuchokera pamwambapo ndinkaona bwinobwino kumene mphepo inkapita, molunjika pa mbaula za amayi aja.

Ndinapeza a Mawa pa khomo la kantini, nthawi yogawa mkaka, anthu ali pamzere. Ndikanadikira alowe mu ofesi. Sindinadikire. Ndinawauza kuti makala akhuta, pakufunika atsopano lero. Anati mawa tikambirana. Ndinati palibe za mawa, ndakwera ndekha ndipo ndatsala pang'ono kugwa. Anaitanitsa buku, analitsegula pamaso pa anthu, n'kuwerenga mokweza Lolemba ndi Lolemba, palibe fungo, palibe fungo, siginecha yanga pansi pake. Ndiye anamwetulira.

"A Makwinja, katswiri wathu wa fungo ndi a Zuze. Inu mwina munadutsa pa shabini m'mawa uno. A Zuze, pali fungo?"

A Zuze anali pamzere, paketi ziwiri m'manja. Anayang'ana pansi. Anthu anayamba kuseka za shabini zija, ndipo ine magazi anakwera kumutu.

"Mukufunsa munthu amene mphuno yake inafa zaka zisanu zapitazo? Sangasiyanitse thinazi ndi madzi. Mupatseni chitini muone."

Kuseka kunatha. Ndinamva mawu anga akubwerera kuchokera kukhoma la kantini, ndipo ndinadziwa chimene ndachita, koma mkwiyo unali usanathe. Ndinapita ku dzenje, ndinatseka vavu yolowetsa madzi, ndinamanga tcheni ndi loko wanga wa kunyumba, kiyi n'kuponya m'thumba. Vavu imeneyo ikatsekedwa palibe thanki ingatsukidwe, ndipo penti sapangidwa m'thanki yakuda. Ndinauza a Mawa kuti akhoza kudula tcheni, koma akadula ine ndikwera minibasi kupita kwa a zachilengedwe ndi buku lomwelo, tikamangidwe limodzi poti siginecha ndi yanga. Kutseka vavu ndinaganiza ndisanachite, ndipo mpaka lero sindidandaula. Zowaulula a Zuze zija sindinaganize.

Fakitale inaima masiku awiri. Tsiku lachitatu makala anapezeka. Sanachokere ku Joni. Anali m'nyumba yosungira katundu, matumba asanu ndi limodzi, kuseri kwa zitini zakale, kuyambira chaka chomwe mita inafa. Tinasintha ine ndi anzanga awiri. Makala akalewo anali onyowa, olemera, ndipo amene anatsegula mgolo anagona kuchipatala usiku umodzi.

A Zuze anawatumiza kwa dokotala wa kampani sabata yomweyo. Kalata inati apume pa chifukwa cha matenda. Sipanakhale phwando, sipanakhale njinga imene ankapatsa opuma pa nthawi yake. Tsiku lomaliza anakoleka jasi ya buluu pa msomali, anadutsa pamene ndinaima, ndipo ndinayesa kupepesa. Anandidula.

"Mwanena zoona, a Folomu Folo. Ine sindikukana. Koma zoona zimanyamulidwa ngati chitini cha pa dzenje, mosavundula. Ndinakuphunzitsani."

Ndinapita kwawo kawiri. Ulendo woyamba mayi Tereza anati amuna awo agona. Wachiwiri anandiuza pakhomo, mosakweza mawu, kuti amadziimba mlandu chifukwa cha nthabwala ya pa ukwati ija, ndipo nkhope yanga imawakumbutsa. Sindinapitenso.

Mita sinabwere. A Mawa anandiitana n'kunena kuti poti mphuno yanga yaonetsa luso, ndizikwera ndine. Anandipatsa jasi yomwe ija, manja ake aafupi. Ndinavomera, chifukwa ndinkaona kuti bola ine kusiyana ndi wina wonama. Chaka choyamba ndinasinthitsa makala katatu, ndipo katatu konse tinakangana mpaka alonda kubwera.

2017

A Zuze anamwalira mu Juni, nyengo ya chiperoni, chifuwa chitawatsekera. Misa ya maliro inali m'tchalitchi chomwe chija. Ndinakhala kumbuyo, kumapeto kwa benchi, pafupi ndi njira. Bambo mfumu anazungulira bokosi ndi chofukizira, kenako potuluka anadutsa pambali panga penipeni. Utsi unali wambiri, woyera, unandikuta kumaso. Mayi wina pafupi nane anayetsemula. Ine ndinakonzeka kutsokomola ngati pa ukwati paja. Ndinakoka mpweya. Ndinakokanso. Utsi ndinkauona ndi maso, ukulowa m'mphuno mwanga, koma munalibe kanthu.

Ndinakumbukira pomwepo kuti panali patatha miyezi isanu ndi iwiri ndikulemba kuti palibe fungo, ndikumadzitama kuti makala a ulendo uno ndi olimba. Ku manda sindinaponye dothi. Anthu ankaganiza kuti ndikulira mnzanga, ndipo ndinkamuliradi, koma ndinkaliranso za Lolemba.

Lolemba ndinavala jasi, ndinakwera, ndinaika nkhope pa paipi. Kuchokera pamenepo ndinaona mbaula za amayi aja zikufuka kuseri kwa mpanda. Ndinaganiza za iwe Chisomo, unali Folomu 1, ndi iwe Madalitso, unali utangoyamba kosi yako. Ndinaganiza za dokotala wa kampani ndi chifuwa changa. Ndinatsika, ndinatsegula buku, ndinalemba kuti palibe fungo.

Sindinama kuti sindinachitepo kanthu. Ndinayamba kuwerenga miyezi pa kalendala, ikakwana inayi ndinkanamizira kuti ndamva fungo, n'kukachita phokoso kwa a Mawa mpaka makala atuluke. Nthawi zina ankatuluka, nthawi zina ankati mawa, ndipo ine ndinalibenso mphamvu yomanga tcheni, chifukwa munthu wobisa chinthu sakweza mawu kwambiri. Ngati makala ankakhuta mwezi wachiwiri, sindikudziwa. Amene ankadziwa ndi amayi a kumpanda, ndipo anali atasiya kundiuza chilichonse kuyambira tsiku lija ndinakalipira mnzawo.

2020

Anandipumitsa chifukwa cha chifuwa, osati mphuno. Za mphuno palibe anadziwa. Tsiku lotsanzika ndinalembera eni fakitale kalata ya masamba atatu, kuwauza kuti agule mita, ndipo ngati sagula asapatse ntchito yonunkhiza munthu amene wakhalitsa pa dzenje. Ngati anaiwerenga sindikudziwa. Jasi ndinaisiya pa msomali womwe uja.

Mayi anu mpaka lero amandibweretsera ndiwo za dzulo kuti ndinunkhize ngati zili bwino, poti amati ndine katswiri. Ndimanunkhiza, ndimayang'ana nkhope yawo, n'kunena zimene ndikuona kuti akuganiza. Muwauze asiye.

Mwakula mukumva kuti bambo anu ndi munthu amene anatseka fakitale ndi loko wa kunyumba, ndipo ndakumvani mukuuza anzanu monyadira. Zinachitikadi. Koma mukamanena zimenezo muziwonjeza izi. A Zuze anandipempha zaka ziwiri, atandigwira dzanja kuseri kwa migolo, ndipo chinsinsi chawo sindinawasungire ngakhale mpaka nthawi ya mkaka itatha. Ine ndinadzipatsa zaka zitatu, osapempha munthu.